Kalata yotseguka: manaiti athu ndi khansa ya m'mawere

Kwa olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zantchito, akuluakulu a zipatala za boma, za mishoni ndi zomwe si za boma, komanso nonse amene mumalemba anthu ntchito ya usiku.

Ndikupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine namwino komanso mzamba, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka 21 ndikugwira ntchito m'mawodi a dziko lino. Kulembera akuluakulu sindinakuzolowere. Zolemba zanga za tsiku ndi tsiku ndi malipoti a odwala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndiloleni ndilankhule. Ndasankha kulankhulira poyera kuti anzanga a naiti, kulikonse kumene ali, amve nawo.

Ndiyambe ndi mayi amene anandiphunzitsa ntchito. Nditangochoka kusukulu, ndidakali mtsikana wamantha, ndinapeza m'wodi ya amayi oyembekezera asisita ena amene ananditenga ngati mng'ono wawo. Ndiwo anandiphunzitsa kumvera mtima wa mwana ali m'mimba, kuzindikira mayi amene watsala pang'ono kukomoka asanagwe, ndi kusoka mayi tochi ili pakamwa magetsi atathima. Anayamba manaiti ali ndi zaka 22 ndipo sanawasiye mpaka matenda atawagoneka. Chotupa anachipeza okha m'mawa wina atangoweruka, akudzola mafuta. Poti anali namwino, anadziwa chimene zala zawo zakhudza: kanthu kolimba, kosapweteka, kosasuntha. Koma mwezi umenewo m'wodi munali anthu ochepa, wina ali patchuthi cha uchembere, wina atapita kukawonjezera maphunziro, ndipo iwo anati, ndikachokapo ine, amayi awa awabereketsa ndani? Anadikira rosita, ndandanda wa mashifiti, ya mwezi wotsatira. Kenaka ya mwezi winanso. Mmene ankapita kukadulidwa kanyama kokayeza n'kuti patatha miyezi 5. Zotsatira nazo zinachedwa milungu ingapo, ndipo khansa inali itafika kale m'khwapa. Anachotsedwa bere, analandira kemo, mankhwala amphamvu a khansa aja, tsitsi linathothoka, anabwereranso kuntchito atavala duku. Chaka chatha tinawaika m'manda ali ndi zaka 47. Tsiku la maliro anamwino tinavala zoyera n'kuyatsa makandulo, koma anayi a ife tinachoka manda asanakwiriridwe, chifukwa 4 koloko inali itayandikira ndipo tinali pa naiti.

Sindikunena kuti manaiti ndiwo anapha asisita. Palibe dokotala padziko lapansi amene angaloze chotupa cha mayi mmodzi n'kulumbira kuti ichi chabwera ndi ntchito ya usiku. Khansa ya m'mawere ili ndi mizu yambiri: msinkhu, za kumtundu, mowa, kunenepa kwambiri munthu atasiya msambo, ndipo amayi ambiri amene amadwala sanagwirepo naiti chibadwire. Koma maliro atatha ndinayamba kuwerenga, ndipo zimene ndinapeza zandisowetsa mtendere. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti m'zaka 21, pamisonkhano yonse ndi maphunziro onse amene ndakhalapo, palibe amene anatitchulira nkhaniyi.

Nkhaniyi si ya dzulo. Mu 1987 katswiri wina wa ku America, Richard Stevens, anafunsa ngati kuwala kwa magetsi usiku sikungakhale chimodzi mwa zimene zimachulukitsa khansa ya m'mawere m'mayiko olemera. Thupi la munthu limadziwa nthawi. Kukada, kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo kamatulutsa homoni yotchedwa melatonin, imene imadziwitsa thupi lonse kuti ino ndi nthawi ya usiku. Maso akaona kuwala kwamphamvu pakati pa usiku, melatonin imatsika. Ndipo si homoni yokhayi ayi. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi lili ndi ndondomeko yake ya usana ndi usiku, imene imakhudza nthawi yogawikana maselo, yokonza DNA yowonongeka, ndi mmene chitetezo cha m'thupi chimagwirira ntchito. Amene anatulukira mmene ndondomekoyi imayendera, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017.

Mu 2005 gulu la David Blask ku America linachita chinthu chimene sichichoka m'mutu mwanga. Anatenga zotupa za khansa ya m'mawere ya anthu zimene zinkakula m'makoswe, n'kumadutsitsamo magazi otengedwa kwa amayi athanzi. Magazi otengedwa usiku mumdima, odzaza ndi melatonin, anafooketsa kukula kwa zotupazo. Koma magazi otengedwa usiku amayiwo atakhala mphindi 90 pansi pa magetsi owala kwambiri sanazifooketse; maselo a khansa anachulukana ngati mmene amachitira ndi magazi a masana. Mphindi 90 zokha. Ife timakhala pansi pa magetsi otero usiku wonse.

Pa anthu napo umboni unabwera. Mu 2001 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa Nurses' Health Study ku America, amene anatsatira anamwino oposa 78,000 kwa zaka 10. Amene anagwira manaiti osinthasintha kwa zaka 30 kapena kuposerapo anali ndi chiopsezo chokwera ndi 36 peresenti poyerekeza ndi amene sanagwirepo. Tinene motere: pamene gulu la osagwira naiti likanakhala ndi odwala 100, gulu lofanana nalo kukula la anthu a manaiti a zaka zambiri linali ndi odwala 136. Chaka chomwecho Johnni Hansen anapeza zofananako pa amayi a ku Denmark. Mu 2006 kafukufuku wachiwiri wa anamwino a ku America, amene anali achicheperepo, anapeza chiopsezo chokwera ndi 79 peresenti mwa amene anadutsa zaka 20 pa manaiti, ngakhale kuti odwala m'gulu limenelo anali ochepa.

Mu 2007 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lodziwika ndi dzina loti IARC, lomwe ndi nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndipo lili ku Lyon m'dziko la France, linaika ntchito ya mashifiti yosokoneza usana ndi usiku m'gulu la 2A, gulu la zinthu zimene n'zotheka kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Pamwamba pake pali gulu limodzi lokha, la zinthu zotsimikizika monga fodya ndi mowa. Magulu amenewa amanena za kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi, choncho palibe akunena kuti naiti ndi yoopsa ngati fodya. Komabe Denmark sanadikire. Pofika kumayambiriro kwa 2009 amayi pafupifupi 40 a kumeneko, amene anadwala khansa ya m'mawere atagwira ntchito ya usiku kwa zaka zambiri, anali atalandira chipepeso ngati anthu odwala chifukwa cha ntchito. Ku France, mu 2023, khansa ya namwino wina wa m'chigawo cha Moselle amene anagwira manaiti kwa zaka 28 inavomerezedwanso kuti ndi matenda a pantchito.

Mbali inayo sindiibisa, chifukwa alangizi anu adzakuonetsani ndipo adzakhala akunena zoona. Mu 2016 gulu la Ruth Travis ku Oxford linaphatikiza kafukufuku 10 wokhudza amayi 1.4 miliyoni, ndipo linapeza kuti ntchito ya usiku ilibe mphamvu yooneka pa khansa ya m'mawere. Mu 2019 kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa Generations Study, wa amayi oposa 100,000, sanapezenso kugwirizana kulikonse. Amenewa si akatswiri ang'onoang'ono. Koma anzawo ena anawayankha kuti ambiri mwa amayi a m'kafukufuku wa ku Oxford anali achikulire, amene anasiya manaiti kalekale, komanso kuti mafunso amene anafunsidwa sanasiyanitse bwino mayi wa naiti imodzi pamwezi ndi mayi wa manaiti 15.

Kusiyanitsa kumeneko ndiko kwandichititsa kulemba kalatayi. Mu 2018 akatswiri anaphatikiza kafukufuku wa m'mayiko 5, Australia, Canada, France, Germany ndi Spain, wokhudza amayi odwala oposa 6,000, ndipo aliyense anafunsidwa mbiri ya ntchito yake mwatsatanetsatane. Mwa amayi amene anasiya msambo sanapeze kusiyana. Mwa amene sanasiye msambo, chiopsezo chinali chokwera, makamaka kwa amene shifiti yawo ya usiku inkafika maola 10 kapena kuposa, ndi kwa amene ankagwira manaiti 3 kapena kuposa pa sabata. Amene anachita manaiti ochuluka choterewa kwa zaka 10 kapena kuposa, chiopsezo chawo chinali choposa kawiri cha anzawo. Ndipo chinali chokwera mwa amene ankagwirabe manaiti kuposa mwa amene anawasiya zaka zoposa 2 zapitazo, zimene zikupereka chiyembekezo chakuti kusintha rosita kuli ndi phindu.

Olemekezeka, tawerenganinso mawu amenewo: mayi amene sanasiye msambo, shifiti yodutsa maola 10, manaiti 3 kapena kuposa pa sabata, kwa zaka 10 kapena kuposa. Ameneyu si mayi wa ku Spain yekha. Ameneyu ndi namwino wa kuno kwathu.

Mu June 2019 akatswiri 27 ochokera m'mayiko 16 anakumananso ku Lyon, anaunika umboni wonse, wovomereza ndi wotsutsa womwe, ndipo anasiya ntchito ya usiku m'gulu lomwelo la 2A. Anati umboni wa pa nyama ndi wokwanira, wa pa anthu ulipo koma sunafike potseka mkangano, ndipo anatchula khansa ya m'mawere, ya prostate ndi ya m'matumbo aakulu. Choncho abambo olondera usiku nawo nkhaniyi ikuwakhudza. Mu 2021 bungwe la boma la America la National Toxicology Program linanena kuti lili ndi chikhulupiriro chachikulu chakuti ntchito ya usiku ya pafupipafupi, ya zaka zambiri, makamaka yoyambira pa utsikana, ingayambitse khansa ya m'mawere. Mkangano wa akatswiri udakalipo, koma pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo zimene tikupempha sizifunika kudikira kuti mkanganowo uthe.

Dandaulo langa loyamba ndi rosita. M'zipatala zimene ndagwiramo, naiti imayamba cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo mpaka 7:30 m'mawa, ndipo ukamaliza kupereka lipoti 8 koloko yakwana. Amenewo ndi maola pafupifupi 15. Ndagwirapo manaiti 5 otsatizana kosawerengeka, ndipo 7 otsatizana si nkhani yachilendo kwa ine. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Anne Helene Garde wa ku Denmark linalangiza kuti, pofuna kuchepetsa ngozi ndi matenda, manaiti otsatizana asapitirire 3, naiti imodzi isapitirire maola 9, ndipo pakati pa shifiti ndi shifiti pakhale maola osachepera 11. Chifukwa chimene naiti yathu italikira ndikuchidziwa. Mayi sangaweruke 10 koloko usiku n'kuyamba kusaka minibasi kapena kabaza mumdima, ndiye timalowa kusanade n'kutuluka kutacha. Vuto la mayendedwe talithetsa ndi matupi athu. Galimoto yonyamula ogwira ntchito, kapena nyumba pafupi ndi chipatala, ndiyo imene ingadule naiti ya maola 15.

Lachiwiri ndi lokamu, mashifiti owonjezera olipiridwa padera. Masiku opuma amalembedwa pa rosita, koma timawagulitsa. Malipiro akatha pakati pa mwezi, fizi ya ana ikudikira, namwino amene wangomaliza manaiti 5 amavomera lokamu ya manaiti ena 2, ndipo oyang'anira wodi amathokoza chifukwa alibe wina womuika. Sindikuimba mlandu oyang'anira mawodi. Nawonso amagawa chinangwa chimodzi kwa ana khumi. Koma zimawawa kuona wodi ikuyendera lokamu pamene anamwino ophunzira bwino, a ziphaso zawo, ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito. Ndipo manaiti ambiri amagwera ndani? Atsikana ongoyamba kumene, chifukwa sangakane. Kafukufuku wa ku France wotchedwa CECILE anapeza chiopsezo chokwererapo mwa amayi amene anagwira usiku zaka zoposa 4 asanabereke mwana woyamba, pa nthawi imene bere limakhala lisanakhwime mokwanira. Amene tikuwaunjikira manaiti ndi omwewo amene tikanayenera kuwasamala kwambiri.

Lachitatu ndi kusasunga mbiri. Asisita atamwalira ndinafuna kuwerenga manaiti amene anagwira moyo wawo wonse. Sindinathe. Rosita timaimata pakhoma, mwezi ukatha imang'ambidwa kapena imakulunga zina. Fayilo ya wogwira ntchito imanena tsiku limene analembedwa, maudindo amene anakwera ndi tchuthi chimene anatenga, koma za manaiti ilibe mawu. Mayi wa ku Denmark anatha kulandira chipepeso chifukwa panali poyambira kuwerenga zaka zake za usiku. Wa kuno adzaonetsa chiyani? Komanso pafupifupi kafukufuku yense ndatchulayu anachitikira pa amayi a ku Ulaya, America, Canada ndi Australia, amene amasiyana nafe pa kaberekedwe, kayamwitsidwe ndi kutalika kwa mashifiti. Tili ndi Kamuzu University of Health Sciences, tili ndi Malawi National Cancer Registry, tili ndi anamwino zikwizikwi olembetsedwa ku Nurses and Midwives Council. Zofunika kuti tidziwe zoona za amayi athu zilipo. Chikusowa ndi lamulo loti manaiti azilembedwa.

Lachinayi ndi lakuti ife oyeza anthu sitiyezedwa. Ku sikelo ndaphunzitsa amayi mazanamazana kudzipapasa mawere, kuyang'ana khungu lochita ngati khoko la lalanje, nsonga yolowa m'kati, magazi otuluka kunsonga. Ine, pantchito, palibe anandiyezapo bere. Pangano nambala 171 la ILO, bungwe la zantchito padziko lonse, la mu 1990, lokhudza ntchito ya usiku, limati wogwira ntchito ya usiku ali ndi ufulu wounikidwa thanzi kwaulere asanayambe ntchitoyo, nthawi ndi nthawi pambuyo pake, komanso akayamba kudwaladwala. Achemwali athu amene akusamalira okalamba usiku ku Britain, malamulo a kumeneko a 1998 amawapatsa ufulu womwewo. Achemwali, mukawerenga kalatayi, kaufunseni. Kuno makina ojambulira mawere a mammography ali m'zipatala zochepa za m'mizinda, koma kuyeza ndi manja a munthu wophunzitsidwa sikulira makina, ndipo ophunzitsidwawo ndife tomwe.

Kuchedwa ndiko kumapha. Odwala khansa ya m'mawere amene ndawaona m'wodi ambiri sanali agogo. Anali amayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo ambiri anafika chotupa chitakula kale. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira odwala ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi kwa anansi athu ku Zambia, anaonetsa mu 2020 kuti patatha zaka 3 theka lokha la amayiwo ndilo linali moyo. Mu 2021 WHO inakhazikitsa zolinga zoti odwala 60 mwa 100 aliwonse azipezeka khansa idakali pa siteji 1 kapena 2, ndi kuti mayi wopezeka ndi chotupa azidziwa zotsatira zake pasanathe masiku 60. Asisita, namwino wa zaka 25 pantchito, anatenga miyezi yoposa 5. Nanga mayi wokolopa m'wodi atenga ingati?

Lachisanu ndi la amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Ndaona anamwino anzanga akubereketsa anthu 2 koloko usiku iwo eni mimba ili miyezi 8. Ndaona ena akubwerera ku manaiti mwana asanakwanitse miyezi 4, mkaka ukunyowetsa yunifolomu, pamene masana amaphunzitsa amayi kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6. Lamulo la Employment Act la 2000 limapereka milungu 8 ya tchuthi cha uchembere. Pangano la 171 lija limati mayi apatsidwe njira ina m'malo mwa ntchito ya usiku kwa milungu yosachepera 16, ndipo 8 mwa imeneyo ikhale asanachire. Kuyamwitsa nakonso kumateteza mayi mwini: kafukufuku wamkulu wa mu 2002 anapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imatsitsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 4 peresenti. Rosita imene imaletsa mayi kuyamwitsa usiku ikumulanda chitetezo chimene Mulungu anamupatsa kwaulere.

Za tulo ta masana ndingonena mwachidule. Kugona 10 koloko m'mawa m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, ana akusewera pakhonde, madzi akufunika kutungidwa, kumaliro akukudikira, si kugona. M'wodi namo mulibe popumira. Mutu timautsamiritsa patebulo, ndipo chakudya cha usiku ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi.

Ndalankhula kwambiri za anamwino chifukwa ndiko kwathu, ndipo ife tili ndi bungwe lathu la NONM lotilankhulira. Koma usiku wa dziko lino wanyamulidwa ndi amayi ambiri amene alibe wowalankhulira: okolopa ndi onyamula odwala m'zipatala, alonda a m'makampani olondera, apolisi, asilikali a ndende, othira mafuta m'mafilingi siteshoni, ophika buledi, ogwira ntchito m'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ndi a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa nthawi yokolola ikafika. Ambiri ali pa kontirakiti, ndipo akadandaula amaopa kuti mawa pamalo pawo paima wina. A Nduna ya Zantchito, amenewa ndi anu. Tili ndi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare la 1997 ndi la Workers' Compensation la 2000, ndipo mu 2019 dziko lathu linavomereza pangano la ILO nambala 155 la chitetezo ndi thanzi pantchito. Maziko alipo.

Sitikupempha kuti manaiti athe. Ana amabadwa usiku, ngozi zimachitika usiku, ndipo ntchitoyi tinaisankha tikudziwa. Tikupempha izi:

1. Unduna wa Zaumoyo utulutse kalata kwa zipatala zonse, za boma, za mishoni za CHAM ndi zomwe si za boma, yonena kuti manaiti otsatizana asapitirire 3 ndipo pakati pa mashifiti pakhale maola osachepera 11. Lokamu iwerengedwe pamodzi ndi manaiti a pa rosita, chifukwa thupi silisiyanitsa naiti ya malipiro ndi ya lokamu.

2. Naiti ya maola 15 idulidwe pang'onopang'ono, kuyambira m'zipatala zazikulu, popereka galimoto yonyamula ogwira ntchito usiku. Kumene zimenezi sizingatheke msanga, pakhale chipinda chokhoma, chamdima, chokhala ndi bedi, ndi nthawi yovomerezeka yopuma mosinthana.

3. Lembani ntchito anamwino ndi azamba amene ali pakhomo. Popanda ichi, mfundo ziwiri zoyambazo zidzangokhala papepala.

4. Manaiti a wogwira ntchito aliyense azilembedwa m'fayilo yake chaka ndi chaka, ndipo akasamutsidwa mbiriyo izimutsatira. Wodwala khansa akamalembetsedwa m'kaundula azifunsidwa ntchito yake ndi zaka zimene wagwira usiku. Akatswiri a m'mayunivesite athu apatsidwe mwayi ndi ndalama zoti aunike mbiri imeneyi.

5. Aliyense wogwira ntchito ya usiku aziunikidwa thanzi kwaulere kamodzi pachaka, pa nthawi ya ntchito: mawere, khomo la chiberekero, BP ndi shuga. Wopezeka ndi chotupa apatsidwe tchuthi tsiku lomwelo, rosita ikonzedwe ndi ena, ndipo zotsatira zake zituluke pasanathe masiku 60.

6. Mayi woyembekezera amene wapempha achotsedwe pa manaiti popanda kutaya malipiro kapena udindo, ndipo woyamwitsa asabwezedwe ku manaiti mwana asanakwanitse miyezi 6. Mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere, kapena amene mayi ake kapena mchemwali wake anadwala, aloledwe kusankha ntchito ya masana. Amene wagwira manaiti zaka zambiri akhale woyamba kuganiziridwa pakapezeka malo a masana, ndipo atsikana ongoyamba asamasenzetsedwe manaiti oposa a anzawo.

7. Unduna wa Zantchito uyambitse ndondomeko yoti Malawi avomereze pangano la ILO nambala 171, ndipo podikira zimenezo mfundo zake zilowe m'malamulo athu, zikhudze alonda ndi a m'mafakitale momwe. Pakhalenso komiti ya madokotala ndi akatswiri a malamulo younika mmene lamulo la chipepeso lingamvere mlandu wa mayi wodwala khansa atagwira manaiti zaka 20 kapena kuposa.

8. Nkhaniyi iphunzitsidwe m'sukulu za unamwino, za apolisi ndi za ndende, monga momwe ilili, umboni wovomereza ndi wotsutsa womwe, kuti mtsikana akamavomera lokamu azidziwa chimene akuvomera.

Zina mwa izi zikufuna ndalama, ndipo ndikudziwa mmene thumba la boma lilili. Koma kalata ya mfundo yoyamba, kaundula wa mfundo yachinayi ndi phunziro la mfundo yomaliza zimangofuna cholembera ndi siginecha yanu. Okutobala ndi mwezi umene timavala zapinki n'kuyenda m'misewu kukumbutsa anthu za khansa ya m'mawere. Ndikupempha kuti Okutobala akubwerayu asanathe, muitane NONM, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito wa MCTU ndi oimira olemba anthu ntchito, mukhale pansi, ndipo mutiyankhe poyera monga ndakulemberani poyera.

Kwa inu anzanga a naiti: gulani kope, muzilembamo naiti iliyonse imene mwagwira, ya rosita ndi ya lokamu, tsiku ndi maola ake. Mukamva kanthu m'bere kapena m'khwapa, pitani sabata yomweyo, rosita adzaiona ena. Ndipo kalatayi muitumize kwa mlonda wa pageti panu ndi kwa mayi amene amakolopa m'wodi mwanu.

Mwana woyamba wa asisita ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino. Mwezi watha anandiimbira foni kundiuza kuti wayamba manaiti ake oyamba m'wodi, ndipo anandifunsa chimene azinyamula. Ndinamuuza za juzi, tochi ndi botolo la madzi. Kenaka ndinamuuzanso za kope.

Ine wanu mwaulemu,
Namwino komanso mzamba